Thobwa Limene Mayi Anusa Sanalawe

Tamara anatsika pa kabaza nsapato zili matope okhaokha, napeza kuti anthu a pa Mlatho mlandu anali atauweruza kale. Kamsika kameneka kali mkati ndithu, ukapitirira Msundwe n'kusiya msewu wa ku Mchinji, ndipo kumeneko nkhani siyenda wapansi. Wakabaza yemweyo anali atamufotokozera zonse m'njira, uku akupalasa mwawefuwefu. Mwana wa tenanti wa pa esiteti ya fodya, dzina lake Chiyamiko, anamwetsedwa poizoni m'thobwa dzulo m'mawa. Womumwetsa ndi mayi Anusa a golosale yobiriwira. Chifukwa chake n'chosachita kufunsa: golosale singadzaze chonchija popanda chizimba.

Ntchito yoona za chisamaliro cha anthu Tamara anali atangoyiyamba kumene, ndipo aka kanali koyamba kutumidwa yekha. Akuluakulu ake anali ku maliro ku Kabudula. Pafoni anangomubwerezera mawu amene ankamuuza tsiku ndi tsiku muofesi, akuti zimene waona, zimene wauzidwa ndi zimene ukungoganiza zisamagone m'dengu limodzi. Wakabaza uja asanatembenuze njinga anathyola kamtengo n'kumupatsa kuti apalire nsapato. Tamara anathokoza, napemphera chamumtima, mwachidule monga mwa chizolowezi chake, kuti Mulungu amugwire pakamwa mpaka maso atamaliza ntchito yawo.

Pa kapolisi ka pamalopo anapeza Konsitabulo Overton, bambo wathupi ndi wansangala, akukukuta chimanga chowotcha pakhonde. Anachithyola pakati n'kumupatsa mbali yaikulu asanamufunse n'dzina lomwe.

"Ndinu a sosho atsopano aja eti? Mwayenda bwino, koma mwachedwa. Nkhaniyi yapsa kale, yangotsala kuphula."

Anafotokoza kuti mayi Anusa anawatenga dzulo masana, anthu atayamba kutola miyala. M'chitolokosi sanawaike ayi. Anawapatsa kachipinda ka kuseri, mpando wake womwe, ndi ndowa ya madzi oti azisamba asanapemphere. Koma bambo a mwanayo, a Rabson, anali atadzadandaula kale, ndipo galimoto ya apolisi a kutauni inali kubwera dzuwa likapendeka. Ikangofika, mayiwo apita pa mlandu wofuna kupha mwana, ndipo mlandu wotero munthu amaudikira ali mkati.

Tamara anafunsa ngati pali wina amene anadwala ndi thobwa lomwelo. Overton anadzisisita pamimba mwamanyazi pang'ono, navomera kuti iye mwini anamwako m'ndowa yomweyo, kawiri konse, ndipo akuona ngati akadali moyo. Komatu, anatero atakweza chala, kapu ya mwanayo sinali ya makasitomala. Inachokera m'nyumba. Ndipo panali china choposa pamenepo. Mayi wina atawauza kuti alawe kaye, monga achitira aliyense wopatsa mwana wa eni chakumwa kuti achotse ufiti, mayi Anusa anagwira pakamwa n'kupukusa mutu.

"Wophika akakana kulawa chake, madamu, ife apolisi timayamba kumanga zingwe za nsapato."

Mayi Anusa anali atayala chitenje pansi, mpando uja atausiya pambali. Anali mayi wa msinkhu wapakati, wa mawu otsika, mpango utakulungidwa bwinobwino ngati agona kwawo. Amuna awo anali ku Joni, ndipo golosale ankayendetsa okha. Pawindo panali kapu ya tiyi wozizira ndi banzi lovundikiridwa ndi mbale. Overton, amene anaima pakhomo, ananong'ona monong'ona kwa munthu wamkulu mawu, kuti chakudya cha madzulo anadya bwinobwino koma cha m'mawa uno akana, chikumbumtima chayamba kuluma. Tamara anafunsa ngati mwina akusala kudya. Overton anaseka. Ramadani sinafike, anatero, eni nyumba imene iye amachita lendi ndi a mzikiti umodzi ndi mayi Anusa, ndipo dzulo masana anawaona akudya tchipisi.

Mayiwo anayankha mafunso mosazungulira. Mwanayo amamudziwa, amadutsa pa golosale popita kusukulu. Thobwa anamupatsadi, osamulipiritsa. Kapu anatenga ya m'nyumba chifukwa za makasitomala zinali zisanatsukidwe. Koma atafunsidwa chimene anakanira kulawa, anayang'ana kukhomo, nayang'ananso pansi.

"Chimenecho, mwana wanga, sindinganene pano."

"Ngakhale chitakhala chokupulumutsani, amayi?"

"Mulungu akuchidziwa," anatero, nakonza mpango umene unali wokonzeka kale.

* * *

Amene ananena za kulawa anali mayi Thoko, ogulitsa tomato moyang'anizana ndi golosale yobiriwira. Golosaleyo inali yokhoma, chitseko chili ndi chipsera cha mwala. Mayi Thoko sankafunika kuwachonderera. Anamukhazika Tamara pa chidebe chovundikira, namuuza kuti iwo anaona zonse ndi maso awo awiriwa, amene chibadwire sanavalepo magalasi. Mwana wamwa, mwana wasanza, mwana wagwa. Nanga pamenepa pafunikanso sukulu?

Tamara anavomereza kuti maso otero ndi osowa masiku ano, napempha kuti awabwerekeko pang'ono, abwerere nawo m'mbuyo. Mwanayo asanamwe anali pati? Anali pakhonde la golosale. Ataimirira? Ayi, atakhala pansi. Mayi Thoko anatenga tomato mmodzi n'kumusanja pamwamba pa anzake atatu, naonetsa ndi dzanja linalo m'mene mwanayo anagwirira mutu.

"Mwana wopita kusukulu n'kukhala pakhonde la eni atagwira mutu. Inu munaganiza kuti chavuta n'chiyani, amayi?"

"Njala, nanga n'chiyani. Ana a m'maesiteti amapita kusukulu m'mimba muli mphepo yokha. Thukuta lili kamukamu, chikhalirecho kunja kukuzizira, mvula itangosiya." Anaima kaye, tomato wina ali m'manja. "Koma musandipotozere mawu, asisi. Kusanza anasanza atamwa."

Tamara anati sakupotoza, akungowayala monga ayalira tomato, wapansi pansi, wapamwamba pamwamba. Thukuta linayamba, thobwa linabwera pambuyo. Mayi Thoko anangotsonya ntchentche imene inatera pa malonda awo.

Atafunsidwa ngati mwanayo anayamba wadwalapo chonchi, anati inde, sabata yatha anasanza pa mjigo, amayi otunga madzi anachita kumukupiza ndi chitenje. Nanga tsiku limenelo anamwanso thobwa? Ayi, mayi Thoko anavomereza. Tsiku limenelo golosale inali yotseka. Mayi Anusa anali atapita ku Lilongwe kukaoda katundu, ndipo iwo ankakumbukira bwino chifukwa anawatuma mpango wa kutchalitchi, ndipo anabwera nawodi, wa mtundu womwewo umene ankafuna.

Koma mayi Thoko sanali munthu wobwerera kunyumba wopanda wolakwa. Anayang'ana uku ndi uku, nasendera pafupi.

"Ngati si awa, ndiye kafufuzeni kunyumba. Mwana uja mayi ake anamwalira. Amene ali nawowa ndi omupeza."

* * *

Popita kuchipatala, Tamara anaona kuti mutu wake wayamba kumanga mlandu wina mwachangu chodabwitsa. Za ana opeza anaziphunzira bwino, anakhozanso mayeso ake. Mwana wamasiye, kudwala mobwerezabwereza, mayi wina m'nyumba, zonse zinkalowana ngati chivundikiro pa poto wake. Kulowana kumeneko n'kumene kunamuchititsa mantha. Anthu a pa Mlatho nawonso nkhani yawo inawalowana chomwechi dzulo, asanatole miyala. Mayiyo anali asanamuone n'komwe.

Chiyamiko, mtsikana wa zaka ngati khumi ndi ziwiri, anamupeza atakhala tsonga pabedi akudya nthochi, atavala juzi ya munthu wamkulu imene manja ake anachita kupinda. Mwini juziyo, Violet, mayi womupeza uja, anali atagona pansi, pa chitenje, ali ndi bulauzi yokha. Anali woyembekezera, masiku atayandikira, mapazi atatupa. Namwino anamukokera Tamara pambali, namuuza kuti mayiyo wagona pomwepo, ndipo mwana akasanza ndi iye ankamupukuta n'kukataya.

Za matendawo namwino sanafune kulumbira. Kusanza, mutu, chizungulire, thukuta. Malungo anayeza, sanawapeze. M'kamwa simunapse. Pofika m'mawa uno mwanayo anali atayamba kufunsa ngati chipatala chimaphika. Mankhwala a makoswe kapena a mbewu, anatero, samusiya munthu msanga chonchi, koma iye sanganene kuti ndi poizoni, sanganenenso kuti si poizoni.

Tamara anapereka moni wa m'manja kwa mwanayo. Chikhatho chaching'onocho chinamata pang'ono ku chake. M'mizere ya dzanja ndi m'zikhadabo munali zakuda zimene sopo anazilephera. Tamara anachita ngati akukanda mphuno, nanunkhiza zala zake. Munali kafungo kowawa, ka masamba.

Funso lililonse mwanayo ankayamba wayang'ana kwa Violet asanayankhe. M'buku akanati ndi mantha. Koma phazi lake linali litatsika pabedi n'kutsamira paphewa la mayiyo, ndipo theka la nthochi anali atamusiyira pa mbale. Woopa munthu satero. Awa anali awiri osunga chinthu chimodzi.

Tamara anafunsa kuti zakuda za m'manjazo n'chiyani. Mwanayo anati ndi matope. Violet anadzuka movutikira, nakhala tsonga.

"Kumunda sapitako uyu, madamu. Amadzuka, kusamba, ulendo wa kusukulu. Fodya sakhudza n'komwe."

Tamara anathokoza, nawafunira kuchira msanga. Anali atafika panja pamene anadzibwerezera mafunso ake onse, limodzi limodzi. Za kumunda panalibe amene anafunsa.

* * *

Nyumba za matenanti zinali kumapeto kwa munda, kumene fodya wa mtundu wa bale anali atafika m'chifuwa. Dzuwa linali pamutu, koma masamba apansi anali akadali ndi madzi, moti siketi ya Tamara inanyowa m'mphepete pongodutsa m'kanjira. A Rabson anawapeza m'chigafa choumitsira masamba akusoka fodya. Anali bambo wowonda wochokera ku Phalombe, waulemu wopitirira muyezo, amene sankatha kumaliza chiganizo popanda kuikamo bwana. Anavula chipewa, napukuta chitsa ndi chipewa chomwecho kuti mlendo akhalepo.

Tamara anayang'ana fodya amene anali atapachikidwa kale. Anali wambiri, kwa munthu mmodzi amene mkazi wake sangawerame. Anafunsa amene amawathandiza kuthyola. A Rabson anaonetsa manja awo, nati ndi awiriwa, bwana, ndi Mulungu.

Anapempha madzi akumwa, nawatsatira kuseri kwa nyumba kumene kunali mtsuko. Pa mpanda wa udzu wa bafa panali kadiresi kakale ka mwana, kongoponyedwa, kosachapa. Mbali ya kumanja kanali koyera monga kayenera kukhalira kadiresi kakale. Mbali ya kumanzere, kuyambira m'khwapa mpaka m'chiuno, kanali bii ndi utomoni. Tamara anatembenuka kulandira kapu ya madzi, ndipo maso ake anagwera pa malaya a bambowo. Banga lomwelo, mbali yomweyo. Wothyola fodya amathyola ndi dzanja lamanja n'kumapanira masamba kukhwapa la kumanzere.

Anamwa madziwo mpaka kumaliza, napempha kuti ayimbe kaye foni. Anapita pansi pa mtengo wa mango n'kuyimbira namwino uja. Funso lake linali limodzi: mwana atathyola fodya wonyowa m'mamawa, n'kumamupanira kuthupi, chingamuchitikire n'chiyani? Namwino anati chingamuchitikire n'chimene chachitikachi. Masamba akanyowa, mphamvu ya fodya imalowa pakhungu, ndipo mwana imamugwetsa msanga kuposa wamkulu. Akanauzidwa dzulo akanazindikira pomwepo, koma makolo analumbira kuti mwanayo munda amangouonera patali.

Tamara anabwerera pa chitsa chija. Sanayambe ndi kadiresi. Anafunsa a Rabson ngati fodya anayamba wawaledzeretsapo. Bambowo anaseka, nati chaka chawo choyamba anagwa pakati pa mizere ngati womwa kachasu wa pa ngongole, anzawo n'kumawaseka kuti Mlomwe walawa ndudu ndi nkhwapa. Anasekabe pang'ono, kenako kusekako kunatha kokha. Singano inaima.

"Mayi akunyumba sangawerame, bwana. Fodya akacha sadikira munthu. Ndinati andithandizeko m'mamawa mokha, kapitawo asanayambe kuyendera."

Anafotokoza kuti pa esiteti pali lamulo. Wopezeka ndi mwana m'munda amamuthamangitsa chimanjamanja, fodya asanapite kumsika. Apite kuti ndi mayi woti achira lero kapena mawa? Ndipo za poizoni iwo sanayambitse. Anthu ndi amene anakuwa, iwo anangotsatira.

"Nanga kupolisi anapita ndi anthuwo, bambo, kapena ndinu?"

A Rabson anayang'ana masamba amene anali pamiyendo pawo.

Tamara anafuna kuwalonjeza kuti zonse zikhala bwino, ndipo mawuwo anafika mpaka pa lilime. Anawameza, chifukwa sankadziwa ngati zikhaladi bwino. Anawauza zokhazo zimene akanatha kuima nazo. Zimene waona azinena lero, galimoto isanafike. Chiyamiko m'munda salowanso. Mawa iye mwini apita nawo kwa eni esiteti, ndipo funso loyamba lidzapita kwa iwowo, kuti munda wa banja lonse amausiyira bwanji munthu mmodzi mkazi wake akatopa. Chimene adzayankhe, iye sakuchidziwa.

"Mawu anga angawatulutse mayi aja m'kachipinda muja. Koma kuti akakhalenso pa golosale pawo anthu n'kumawapatsa moni, amene mungachite zimenezo ndinu nokha."

Bambowo anatola singano n'kubaya tsamba lina. Anabaya linanso. Tamara anatsazika n'kubwerera yekha.

* * *

Overton anamulandira ndi uthenga wakuti galimoto yanyamuka kale kutauni. Anamvetsera za thukuta, za pa mjigo, za kadiresi ndi za namwino, akugwedeza mutu ngati munthu amene akumva nyimbo yabwino ya mpingo wina. Zonsezo n'zomveka, anatero, koma bwana wake afunsa chinthu chimodzi, chomwenso msika wonse ukufunsa. Ngati thobwa linali labwino, anakaniranji kulawa?

Tamara anakumbukira m'mene mayiwo anayang'anira kukhomo m'mawa uja. Iye ankayesa kuti akuyang'ana njira yotulukira. Koma pakhomopo panali pataima munthu, ndipo munthuyo anali wa thalauza. Anachita manyazi mpaka m'makutu.

"Bwana Overton, chimanga chija chinali chokoma. Simungakafunenso china? Cha kutali ndithu."

Overton anamuyang'ana, nayang'ana kachipinda kaja, nati kuseri kwa mlatho kuli wina amene amawotcha mochedwa kwambiri.

Tamara anatseka chitseko, nakhala pansi pa chitenje pomwepo. Anapepesa kuti funso lija analifunsa pamaso pa bambo. Mayi Anusa anamwetulira koyamba tsiku limenelo.

"Uphunzira, mwana wanga. Ramadani yathayo ndinaphonya masiku, monga aphonyera mayi aliyense mwezi wake ukakwana. Masiku amenewo timabweza Ramadani ina isanafike, ndipo ine ndinazengereza, ndiye ndikuthamangira. Pakhonde paja panali azibambo a mzikiti wathu akumwa thobwa. Ndikanati ndikusala, aliyense akanadziwa chifukwa chake. Ndiponso kusala kolengeza pamsika, kodi kumakhala kwa Mulungu kapena kwa msika?"

Anati mwanayo anamuona atagwira mutu, ndipo anaganiza kuti ndi njala. Mwina analakwa kumupatsa chakumwa osamufunsa bwinobwino. Tamara anati kulakwa kumeneko Mulungu atawapatsa anthu ambiri, ofesi yake ikanatsekedwa. Kenako anapempha chilolezo: anene zingati, ndipo kwa yani?

"Kwa apolisi unene kuti ndikusala, basi. Zinazo uuze Thoko yekha. Ukauza Thoko wauza amayi onse, ndipo abambo sadzamva kanthu."

Panamveka kugogoda. Anali Overton, wopanda chimanga.

"Madamu, kuli mlendo. Wabwera wapansi, chipewa chili m'manja."

* * *

Foni ya Overton kwa bwana wake inatenga nthawi, pakuti a Rabson analankhulapo, namwino analankhulapo, ndipo Overton anachita sawatcha kangapo kwa munthu amene sankamuona. Mapeto ake galimoto inabwerera pa Msundwe.

A Rabson anagwada pakhomo la kachipinda kaja. Mayi Anusa anawauza kuti adzuke, nawafunsa ngati mwana wayamba kudya, ndi ngati mayi akunyumba ali ndi wowadikirira. Atamva mayankho, anapinda chitenje chawo mosafulumira.

"Zimene munanena muno zathera muno, bambo. Koma miyala inatoledwa pamsika."

Motero anapita onse pamsika, dzuwa litapendeka. Anthu anasonkhana okha osaitanidwa, ena atanyamula ndiwo za madzulo. A Rabson anaima pa khonde la golosale yobiriwira n'kuyamba kulankhula, koma mawu awo ankathera pa chipewa chimene anachigwira pachifuwa. Akumbuyo anayamba kufunsa kuti akuti chiyani. Overton anakwera pakhondepo, nadzipereka kukhala chimkuzamawu.

A Rabson anati mayi awa sanalakwe. Overton anabangula kuti mayi awa ndi oyera ngati ufa wa pa mphasa. A Rabson anati thobwa linali labwino. Overton anabangula kuti thobwa loposa limeneli kulibe kuyambira Njewa mpaka Namitete, ndipo a Rabson anamukoka malaya n'kunena kuti zimenezo sananene. Anthu anaseka, ngakhale ena amene dzulo anali ndi miyala m'manja.

Kenako bambowo anafika povuta paja. Anapukusa mutu kwa Overton kuti apa asawathandize, nakweza mawu okha.

"Mwana wanga wadwala fodya. Ndinamulowetsa m'munda ndine, masamba ali onyowa. Ndinadziwa, ndipo ndinakhala chete."

Kuseka kunatha. Aliyense pamenepo ankadziwa kuti mawu amenewo afika kwa kapitawo nkhuku zisanalowe m'khola. Tamara anasendera n'kuima pafupi nawo, phewa ndi phewa, kuti wokanena akanenenso kuti sanali okha. Ali pomwepo anaona matenanti ena m'gulumo atazolika, akuyang'ana zala zawo za kumapazi, ndipo anadziwa kuti mawa lake silidzathera pa nyumba imodzi. Sanadziwebe kuti ndi nyumba zingati. Zimenezo zinali zoti akaone.

Anatsika n'kupita kwa mayi Thoko, nawanong'oneza mawu aja. Mayi Thoko anatong'ola maso, nagwira pakamwa, natembenukira mayi amene anali pambali pawo. Posakhalitsa mipango yonse ya pamsika inali ikugwedezeka, amayi akunong'onezana n'kumati ooh chapansipansi, azibambo n'kumangoyang'anana ngati anthu ofika pamaliro a kumudzi kwa eni.

Mayi Anusa anatsegula loko, nakankha chitseko chachipsera chija, nalowa kuseri kwa kauntala. Anapukuta fumbi pa sikelo, nakhala pa mpando wawo, manja ali pamiyendo. Panja anthu anaima patali, aliyense akudikira kuti mnzake ayambe. Golosale yotsegula yopanda wolowamo ndi chitolokosi china.

Mayi Thoko anamanga chitenje mwamphamvu, nadutsa pakati pa gululo akudandaula mokweza kuti msika wonse umve. Anthu ena, anatero, amangotseka golosale osaganizira anzawo. Iwo dzulo anadya ndiwo zopanda mchere, amuna awo mpaka kufunsa ngati m'nyumba mwagwa matenda othamanga magazi. Anakwera pakhonde, nalowa, nagogoda pa kauntala.

"Abiti, kamchere. Ndipo musandiyang'ane choncho, ine ndili ndi ntchito."

Mayi Anusa anatunga mchere n'kuthira m'kapepala, nawonjezerapo pang'ono pamwamba. Kumbuyo kwa mayi Thoko kunali kutaima kale wina wofuna sopo.